Tsiku Limene Nkhwazi ya a Chadzunda Inalira

Ku Geisha konse, mumzinda wa Mzuzu, kunalibe munthu wosamba m'manja pafupipafupi kuposa a Macpherson Chadzunda, ndipo sikuti ankaopa kolera. Ankasambira ndalama zisanu zasiliva zimene ankasunga m'kabokosi kofiira, m'kabati ya kuchipinda, pansi pa matayi. Akatha kusamba ankavalanso magolovesi oyera ngati a msilikali wa paperete, n'kutsegula kabokosiko mpweya ataugwira. Chodabwitsa n'chakuti ndalamazo sankazikhudza n'komwe. Iliyonse inali m'kachikuto kake kapulasitiki koonekera, ndiye magolovesi ankagwira pulasitiki, pulasitikiyo n'kugwira ndalama. Akazi awo, mayi Lizzie, ankakonda kunena kuti iwo ngakhale pa tsiku la ukwati sanagwiridwe mwaulemu chonchi.

A Chadzunda kwawo ndi ku Dowa. Boma linawatumiza ku Mzuzu ali mnyamata kuti adzagwire ntchito yoyeza malo. Anafika akudandaula za kuzizira, anapuma ntchito akudandaulabe, koma nyumba anamanga konkuno ndipo za kubwerera ku Dowa sankazitchulanso. Chitumbuka ankamva ndithu, kungoti pakamwa pawo chinkathera pa "yewo". Matenda a ndalama zakalewa anawatengera kwa mkulu wina wa sitolo m'tauni, amene potseka bizinesi yake anawagulitsa kandalama kamodzi ka tiki kowala ngati kalilole. Kuyambira tsiku limenelo sanachirenso.

Mlendo aliyense wofika pakhomopo ankamva ulaliki womwewo, afune asafune.

"Izitu si ndalama zogulira mchere," ankatero a Chadzunda. "Awa ndi mapulufu. Anazisindikiza padera nthawi ya Chitaganya, zowerengeka chabe, zoti anthu azingoona. Sizinalowepo m'thumba la munthu. Chala chikangokhudza kamodzi, chidindo chake sichichoka mpaka Ambuye adzabwere. Ikagwa pansi, basi yatha, yasanduka khobidi wamba."

M'kabokosimo munali tiki wa makobidi atatu, susu wa makobidi asanu ndi limodzi, sheleni, hafukoloni, ndi ina ya masheleni awiri yokhala ndi nkhwazi itanyamula nsomba. Ya nkhwaziyi ndiyo inali mtima wawo. Anaisaka zaka zambiri, mpaka anamva kuti munthu wina ku Lilongwe ali nayo. Anakwera basi atakumbatira chitini chachikulu chodzaza ndi makobidi akale otha nkhope, zonse zimene anatolera chiyambire, n'kukazisiya komweko pamodzi ndi china chapamwamba chimene mayi Lizzie sanauzidwe mpaka lero. Pobwerako analengeza kuti m'nyumba mwawo simudzalowanso ndalama yachitsulo imene inayendapo m'manja mwa anthu. Ndipo mawuwo anawasunga, poti a Chadzunda anali munthu wosunga zinthu.

Mwana anali naye mmodzi, Foster. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, bambo akatsegula kabokosi, Foster ankaloledwa kuonerera ataima pakhomo la chipinda, manja ali kumbuyo. "Usapumire kuno," ankatero bambowo, kenako n'kuyamba kufotokoza za ndalama iliyonse ngati kuti akuuza khamu la anthu. Foster anakula chomwecho, wofatsa, wosakonda kupempha. Anaphunzira kukonza mafiriji, anapeza kanyumba ka lendi ku Mzilawaingwe, ndipo tsiku lina anabwera kudzanena kuti wapeza mbeta ku Masasa, mphunzitsi wa pulayimale, dzina lake Wiza Mkandawire.

Ukwati unayenda bwino Loweruka. Lamulungu masana ndiyo inali nthawi yoti akuchikazi adzapereke mkamwana kwa apongozi ake. A Chadzunda anakonzeka mokwanira. Mayi Lizzie anali atawauza kuti kuno mkamwana salowa m'nyumba kapena kutsegula pakamwa mpaka apongozi atamupatsa kanthu, ndiye iwo anapita kubanki kukapempha mapepala atsopano okhaokha, n'kuwaika mu envulopu yoyera. Anavala suti yotuwa ija ankavala akamakumana ndi akuluakulu a boma, n'kukhala pampando pabalaza akudzimva kuti mwambo wa Atumbuka authana nawo. Koma chakudza sichiimba ng'oma.

Kamvula ka ku Mzuzu, kamene sikadziwa kalendala, kanali katayamba kuwaza pamene minibasi inaima pageti. Munatsika amayi akuimba, pakati pawo pali munthu wofunditsidwa chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akumugwira mikono ngati wodwala. Anamuyalira mphasa pakhonde, iye n'kugwada moyang'ana chitseko. Wotsogolera gululo anali azakhali ake a Wiza, amene kuno amati ankhazi, mayi Hilda Mkandawire: kamunthu kafupi, kogulitsa kaunjika mumsika, kokhala ndi mawu oti n'kuitanira munthu ali tsidya lina la mtsinje. Anatulutsa mbale yachitsulo yoyera ya mkombero wabuluu, n'kuiika pakhomo.

"Monire mose, asebele!" anatero ankhazi. "Mwana wanu tabwera naye. Ndi uyu. Muloleni alowe."

"Yewo, asewere, yewo," anayankha a Chadzunda, n'kumaliza Chitumbuka chawo chonse nthawi imodzi.

Anadzuka, anakonza tayi, anawerama n'kuika envulopu pambale mofatsa kwambiri. Kenako anaimirira kudikira nthungululu. Kunali zii. Chitenje chija sichinasunthe.

Ankhazi anatola envulopuyo, anaisuzumira, anagwedeza mutu mokhutira, n'kuilowetsa m'bulauzi.

"Mapepalawa talandira, yewo chomene. Koma asebele, taonani mwanayu. Wafunda. Maso alibe, ali ndi makutu pera. Ine ndaona kuti mwaika kanthu, enya, nanga iyeyu waona? Kwathu kwa a Mkandawire pepala silitsegula khomo yayi. Ndalama ilire pambale, amve yekha ndi makutu ake kuti apongozi akumufuna."

"Ilire?" anafunsa a Chadzunda.

"Ilire. Yachitsulo. Olo yaing'ono, bola ilire."

Anthu anaseka poyamba, poganiza kuti ndi nkhani yaing'ono. Koma ndani akusunga ndalama yachitsulo masiku ano? Pagolosale chenji chake ndi switi kapena machesi, ndipo mwana ukamupatsa kandalama kachitsulo amakuyang'ana ngati wamutukwana. Amuna anapisa m'matumba n'kutulutsa makiyi ndi mafoni. Mayi Lizzie anakhuthula chikwama chawo chonse patebulo: mabatani, mapini, mapiritsi a mutu, kapepala ka nyimbo za kwaya. Anayang'ana m'madirowa, pansi pa makushoni, mpaka m'kachitini ka singano. Lamulo la a Chadzunda linali litagwira ntchito bwino kwambiri. M'nyumba monse munalibe ndalama yachitsulo yoyendapo m'manja.

A Solomon, neba wawo amene analinso wapampando wa komiti ya ukwati, anathamangira kwawo mvula ikuwanyowetsa. Anabwerako ali wefuwefu atanyamula K10 yachitsulo yakuda bii, imene anaizula pansi pa mwendo wa tebulo pomwe inkathandiza kuti tebulolo lisamagwedere. Anaipereka kwa a Chadzunda mobisa, koma ankhazi anali ndi maso a munthu wozolowera akuba a mumsika.

"Imeneyo yachokera nkhu? Kwa aneba?" Anapukusa mutu. "Yayi, asebele. Mkamwana salandiridwa ndi ndalama yobwereka. Mukufuna banja lobwereka? Ichoke m'nyumba mwanu, yanuyanu."

A Chadzunda anaona kuti maso a akazi awo ali pa iwo.

"Bambo a Foster," anatero mayi Lizzie motsitsa mawu, "m'nyumba muno ndalama zachitsulo zilimo."

"Mulibe."

"Zilimo zisanu."

"Zimenezo si ndalama."

"Nanga ndi chiyani? Mabatani?"

"Mayi a Foster, musandiyambe pamaso pa alendo."

"Walira mvula walira matope. Mkamwana munkamufuna ndinu."

A Chadzunda analowa kuchipinda akung'ung'udza. Kunamveka madzi pasinki, kenako kabati kutseguka. Atatuluka anali atavala magolovesi aja, atanyamula katiki m'kachikuto kake ndi manja awiri ngati mkate wa mgonero. Anagwada, anatsitsa dzanja mpaka kutsala pang'ono kukhudza mbale, n'kukasiya. Kanangoti khwe, ngati kachivindikiro ka botolo la mankhwala.

Ankhazi anaweramira kwa wofundayo. "Wiza, wapulika kanthu?"

Chitenje chinapukusa mutu.

"Asebele, ndalama yanu yavala jekete. Kukuzizira, enya, tikudziwa. Koma ivuleni ilire."

Amayi a ku Masasa anagwa nacho chiphwete, ena mpaka kugwirana mapewa. A Chadzunda anatola katiki kawo mwachangu, nkhope itatentha. Ndiye anachita chimene ankachidziwa bwino: anayamba ulaliki. Anafotokoza za Chitaganya, za siliva, za chidindo cha chala chosachoka. Ananena kuti ndalama ngati iyi ikamenya mbale yachitsulo imabenthuka m'mphepete, ndipo akatswiri akaiona amangopukusa mutu. Ankhazi anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, manja atapinda pachifuwa.

"Mwayowoya makora, mwayankhula bwino, asebele, taphunzira chomene. Ndiye tipange so: mwanayu tibwerere naye ku Masasa. Mukadzapeza ndalama yosaopa mbale, mudzatitumire uthenga."

Sananene mokalipa, koma aliyense anadziwa tanthauzo lake. Mkamwana wobwezedwa pakhomo, nkhani yake siitha. Ikanafika kumsika mawa lomwe, kusukulu kwa Wiza mkuja, ndipo kutchalitchi ikanakhalako mpaka ana ake atakula. Mphepo inali itatembenuka, mvula n'kuyamba kulowa pakhonde. M'mphepete mwa chitenje munanyowa. Wofundayo anayetsemula kamodzi, n'kuyesa kubisa kachiwiri. A Chadzunda anamva chisoni ndithu, poti sanali munthu woipa. Koma dzanja lawo linafumbatabe katiki.

Apa m'pamene Foster anayankhula. Mwambo unkafuna kuti iye akhale chete, ndipo kukhala chete ankakudziwa kuyambira ali mwana, moti anthu anali atamuiwala.

"Ankhazi, musawavutitse bambo," anatero akumwetulira pang'ono. "Ndalama zija ndizo zinayamba kubadwa m'nyumba muno, ine ndinabwera pambuyo. Musabwerere naye ku Masasa. Ndipita naye kwathu ku Mzilawaingwe. Muno adzalowa tsiku lina."

Sananene mokwiya. Akanakwiya bwenzi zili bwino, a Chadzunda akanamukalipira n'kupezapo pothawira. Koma mwanayo anayankhula ngati munthu wonena kuti kunja kukugwa mvula, chinthu chodziwika chimene palibe angachisinthe. Sanapemphe n'komwe. A Chadzunda anacheuka kumuyang'ana. Foster, mwamuna wandevu zake, wa suti ya ukwati, anali ataima pakhomo, phewa litatsamira felemu, manja ali kumbuyo. Bambowo anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire.

Analowanso kuchipinda. Anabwezera katiki pamalo pake n'kuima akuyang'ana m'kabokosi. Ankhazi anali atanena kuti olo yaing'ono, ndipo dzanja lawo, lomwe linali ndi nzeru zakezake, linabwereranso ku katiki komweko. Analibweza. Linapita ku susu. Analibwezanso. Anavula magolovesi, chala chimodzichimodzi, n'kuwaponya pabedi. Kenako anatenga nkhwazi.

Kachikuto kanakana kutseguka, poti kanali kasanatsegulidwepo chifikire m'nyumbamo. Anakanyula ndi chikhadabo, chikhadabo n'kuthyoka. Anatenga pini ya tsitsi ya mayi Lizzie, n'kukapana mpaka kanati phwa. Ndalama inagwera m'chikhato chawo. Inali yozizira, ndiponso yolemera kuposa mmene ankaganizira zaka zonsezi. Ataitembenuza anaona kuti chala chawo chachikulu chasiya kale chidindo paphiko la nkhwazi, chooneka bwinobwino ngati cha munthu wovota. Anausa moyo. Kubwerera kunalibenso.

Atatuluka, a Solomon anavula chipewa osadziwa chifukwa chake. Mayi Lizzie anagwira pakamwa ataona kuti ndi iti. A Chadzunda sanagwade ulendo uno. Anaima chilili pamwamba pa mbale, anatambasula mkono, anatsinzina, n'kutsegula zala.

Ngwiii!

Ndalama inamenya mbale, inadumpha, inagweramonso n'kuyamba kuzungulira. Mawu ake anali oonda, oyera, ndipo sankatha. Anadutsa phokoso la mvula padenga, analowa pabalaza, n'kumachepa pang'onopang'ono mpaka ndalamayo inagona. A Chadzunda anatsegula maso. Anali atauzapo alendo ambirimbiri kuti siliva weniweni amadziwika ndi kulira kwake, koma zimenezo anangoziwerenga. Aka kanali koyamba kumva ndalama yawo ikulira, ndipo anadabwa kuti mtima sunawapweteke mmene ankayembekezera.

"Wiza, wapulika?" anafunsa ankhazi.

Chitenje chinagwedeza mutu mwamphamvu, ndipo nthungululu zinang'amba Geisha yense. Amayi anavundukula mkamwana. Nkhope yake inali yonyowa, kaya ndi thukuta, kaya ndi mvula, kaya ndi misozi. Anaomba m'manja mwaulemu ali chigwadire.

"Yewo, adada," anatero Wiza. Amenewa ndiwo anali mawu ake oyamba pakhomopo.

"Mwaona, asebele?" anatero ankhazi. "Ndalama yanu ili ndi mawu abwino kuposa kwaya. Mumaibisiranji?"

Koma a Chadzunda maso awo anali pa dzanja la mkamwana limene linkapita kumbale. Anakonzeka kuona nkhwazi yawo ikufumbatidwa n'kumangidwa pamfundo ya chitenje. Koma Wiza anapendeketsa mbale pang'ono, ndalama n'kutsetserekera m'mbali. Anaitola ndi zala ziwiri, chachikulu ndi cholozera, atagwira m'mphepete mokhamokha, nkhope yake osaikhudza. Anaitalikitsanso pakamwa kuti asaipumire.

"Mwana wanga," anatero a Chadzunda, "kagwiridwe kameneka anakuphunzitsani ndani?"

"A Foster, adada. Anandiuza kalekale, tikungoyamba kumene kudziwana. Tsiku loyamba lenileni, m'malo mondiuza kuti ndine wokongola, anandiuza za tiki, susu, sheleni, hafukoloni na iyi ya nkhwazi. Akuti iyi munakaitenga ku Lilongwe mutanyamula chitini pabasi. Amati adada awo ali na vinthu vimene palibe wina ali navyo mu Mzuzu yose. Amanyada nazo chomene."

A Chadzunda anayang'ana mwana wawo. Foster anali akuyang'ana mvula ngati kuti sanaionepo. Ulaliki wonse uja, umene alendo ankaumva akuyasamula, panali munthu mmodzi amene ankausunga mawu ndi mawu, ndipo munthuyo ankamuimika pakhomo. A Chadzunda anatsokomola, n'kunamizira kuzizira kwa ku Mzuzu monga mwa masiku onse.

Wiza anawapatsira ndalamayo kuti aione. M'mphepete munali kachilonda kakang'ono pomwe inamenya mbale, ndipo paphiko panali chidindo chija. Akatswiri akanapukusadi mutu.

"Ndalamayo ndi yanu, mwana wanga, lowani m'nyumba," anatero. "Koma dikirani kaye. Ndibwerekeniko pang'ono."

"Yobwereka yayi, asebele!" anakuwa ankhazi, anthu n'kuseka.

"Iyi yokha mundilole, asewere."

Analandira nkhwazi ndi dzanja lopanda golovesi, n'kutembenukira kukhomo.

"Foster, bwera kuno. Manja achotse kumbuyoko."

Foster anatulutsa manja ake n'kuwayang'ana. Anali manja a wokonza mafiriji, okhakhala, okhala ndi mizere yakuda imene ngakhale sopo wa tsiku la ukwati anailephera.

"Ndikasambe kaye, bambo?"

"Bwera choncho," anatero a Chadzunda. Anagwira dzanja la mwana wawo, analitambasula, anaika ndalama pakati pa chikhato, n'kumupinda zala iwo eni.